Funsani Makaniko: oyilo wa injini zakale za maboti

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ndipo sindikudabwa. Disembala wayandikira, ma transporter ayamba kudzaza ngolo, ndipo pakati pa mafiriji ndi matiresi sipalephera kupezeka injini ya boti yokulungidwa m'bulangete, ulendo wa ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay. Ine ndine mwana wa ku Nkhotakota. Sipanala ndaigwira zaka zoposa 20, zambiri mwa izo konkuno ku Joni m'galaja ya maboti kum'mwera kwa mzindawu, ndipo Loweruka nthawi zambiri limandipeza pa mseu wa R59 ndikulowera ku damu la Vaal. Ndasankhapo makalata anayi.

Achimwene a Makaniko, ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, ndimakhala ku Rosettenville. Ndasunga ndalama zaka ziwiri mpaka ndagula injini ya kaunjika, Yamaha 15 ya two-stroke, kwa bambo wina amene ankawedzera ku Vaal. Ndikufuna kuitumiza kwa alongo anga ku Makanjira kuti azipitira kukaponya chilimira. Iwo akuti za oyilo ndisavutike nazo, kumeneko amangothira wa galimoto kapena wa njinga yamoto ndipo injini zimayenda. Kodi n'zoona? Ndalama zimenezi ndazikhetsera thukuta.
Mayi wa ku Rosettenville

Achemwali, zoti injini zimayenda alongo anuwo sakunama. Zimayenda ndithu, mwezi woyamba, wachiwiri, mwina mpaka chaka. Chimene iwo sachiona n'chimene ine ndimachipeza ndikatsegula mutu wa injini yoteroyo: pamwamba pa pisitoni pali nkhoko zakuda ngati za m'poto wa nsima yopserera, maring'i atakanirira m'ngalande zawo moti ngakhale ndi nsonga ya mpeni sasuntha.

Injini ya two-stroke ilibe posungira oyilo pansi pake ngati ya galimoto. Oyilo amayenda limodzi ndi petulo, amadutsa m'kabureta, amanyowetsa mabering'i a kulanki ndi khoma la silinda, kenako amapsera limodzi ndi petuloyo n'kutuluka ndi utsi. Ndiye oyilo wake ayenera kuterera kaye, akatero apse osasiya phulusa. Wa galimoto sanapangidwe kuti azipsa. Muli mankhwala otsukira injini amene akapsa amasiya phulusa louma gwa. Phulusalo limamatirira pa pulagi ndi pa pisitoni, likatentha limasanduka khala, n'kumayatsa petulo nthawi yake isanakwane. Mapeto ake pisitoni imabooka pakati.

Wa njinga yamoto nayenso muchenjere naye. Njinga zambiri za kabaza zimene zadzaza kumudzi ndi za four-stroke, ndipo oyilo wake, uja wa 20W-50, ndi m'bale wake wa wa galimoto. Palinso wina wolembedwa 2T, wa makina ochekera matabwa ndi otchetchera udzu, amene pabotolo pamalembedwa JASO FC, JASO FD kapena API TC. Ameneyo ali bwinoko, ndipo mutasowa pogwira akhoza kukufikitsani kumtunda. Koma anapangira injini zozizira ndi mphepo, zimene zimatentha kwambiri, ndipo ali ndi kaphulusa kake. Injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja ndipo imalira maola ambiri pa liwiro limodzi, choncho kaphulusako kamangounjikana.

Chimene mufufuze pabotolo ndi zilembo izi: TC-W3. Ndi chizindikiro cha NMMA, bungwe la ku America la makampani opanga maboti ndi injini zake, ndipo oyilo amene analandira chizindikirochi sasiya phulusa. Dzina la kampani lisakusowetseni tulo. Akhale Yamalube, Quicksilver, Castrol, ngakhale wogula pomwetsera mafuta, bola TC-W3 ilipo ndipo chitsekerero sichinathyoledwe. Wogulitsa akakuuzani kuti mutenge wodula wa synthetic, muuzeni kuti injini yanu ndi ya kabureta, wamba akukwanira. Ndalama yotsalayo mugulire oyilo wochuluka.

Tsono pamene injini zambiri zimafera si pa mtundu wa oyilo pokha, koma pa muyeso. Yanuyo imafuna 50:1, kutanthauza 20 ml za oyilo pa lita imodzi ya petulo. Malita 5 ndi 100 ml, chigubu cha malita 20 ndi 400 ml, thanki ya malita 25 ndi theka la lita. Padoko ambiri amayezera m'botolo lagalasi la zakumwa zoziziritsa kukhosi, n'kuthira limodzi m'chigubu cha 20. Botolo limenelo ndi la 300 ml, ndiye kuti injini yamanidwa 100 ml pa chigubu chilichonse. Ena amapyoza mbali inayo, amathira wambiri poganiza kuti akuisamala, ndipo pulagi imanyowa, utsi umachuluka, mwaye umatseka njira. Komabe pa ziwirizi, kuchulutsa pang'ono kumangokudyerani pulagi, kuchepetsa kumakudyerani injini. Mukaona kapepala pachivundikiro kolembedwa 100:1, pakuti Yamaha zina zing'onozing'ono zinabwera choncho, ine ndinganenebe 50:1 kwa injini yokalamba yogwira ntchito usiku wonse. Ikadzalowetsedwa maring'i kapena pisitoni yatsopano, maola 10 oyamba iyende pa 25:1.

Nkhani ya muyesoyi ndimaiumirira chifukwa inatigwera pakhomo. Mu Julayi 1998, nyengo ya mwera, bambo anga anali ndi injini ya 25 imene anaigula ndi mpunga wa zaka zitatu. Oyilo tinkagula wopungulira m'mabotolo pamsika, ndipo atakwera mtengo tinayamba kumugawa: wa chigubu chimodzi ankakwanira ziwiri. Usiku wina tili pakati pa nyanja, nyali za kumtunda zitabisika, injini inasintha kaliridwe. Inayamba kulira mouma, kenako inangoti zii. Bambo anakoka chingwe, chingwe osasuntha. Ndimakumbukira mmene anaikira dzanja pamutu pa injini n'kulichotsa msangamsanga, osalankhula kanthu. Tinalipo anthu asanu ndi awiri, nkhafi ziwiri zokha, ena akupalasa ena akukapa madzi, ndipo mwera unatikankha mpaka tinakakocheza cha ku Dwangwa dzuwa lili paliwombo. Kunyumba amayi anali atayamba kale kulira. Injini itatsegulidwa, pisitoni inali itasungunukira kukhoma la silinda. Ukonde unagulitsidwa kuti ngongole ithe, ndipo bambo sanadzakhalenso ndi boti lawolawo. Ine ndinali ndi zaka 16.

Pali chinanso chimene simunafunse, koma chikukhudza aliyense wogula injini kuno n'kutumiza kumudzi. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, damu la Vaal pafupifupi 1,480, pamene nyanja yathu ili m'chigwa, mamita osafika 500. Kuno mpweya ndi wochepa mphamvu. Injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 aliwonse amene yakwera, ndipo petulo amachuluka poyerekeza ndi mpweya. Pofuna kukonza zimenezo, amakaniko ena kuno amachotsa jeti ya m'kabureta, kachitsulo koboola kamene petulo amadutsiramo, n'kuikamo ya kabowo kakang'ono. Ku Vaal palibe vuto. Koma injini yomweyo ikatsikira ku Makanjira kumene mpweya ndi wokwanira, jeti yaing'onoyo imaipatsa petulo wochepa, ndipo poti oyilo amabwera pamsana pa petulo, nayenso amachepa. Injini imatentha n'kunoka ngakhale muyeso unali wolondola. Ndamvapo mabanja akudana chifukwa cha zimenezi, wa ku Joni akuti a kumudzi ndi osasamala, a kumudzi akuloza chala mnzawo wa padoko kuti wailodza, pamene wolakwa ndi kachitsulo kamkuwa kosaposa njere ya chimanga. Isanakwere ngolo, ipititseni kwa makaniko wa maboti atsegule kabureta. Pa jeti pamakhala nambala yodinda, aiyerekeze ndi imene buku la injiniyo limanena. Ikafika, alongo anuwo aiyendetse theka la ola n'kumasula pulagi. Nsonga ikakhala ya mtundu wa tiyi wamkaka, zili bwino. Ikakhala yoyera mbee, asapite nayo patali.

Muwauzenso za petulo. Wa kumudzi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zimene zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenako kunabwera ya ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Petulo wosakaniza kale akakhalitsa m'chigubu m'mphepete mwa nyanja, madzi ndi ethanol zimatsikira pansi, ndipo payipi ya thanki imayamwa pansi pomwepo, pamene palibe oyilo. Azisakaniza wongokwanira masiku ochepa. Ayambe kuthira petulo pang'ono, athire oyilo yense, akhutchumule, kenako adzazitse. Mapayipi akale a labala nawo ethanol amawadya mkati, ndiye ngati a injini yanu aumirira kapena akusiya zakuda m'zala, sinthani konkuno.

Walira mvula walira matope, achemwali. Injini isapite yokha. Muikepo chigubu cha malita 5 cha TC-W3, chimene chikwanire malita 250 a petulo, mapulagi awiri apadera, ndi impela yatsopano ya pampu ya madzi. Muikeponso choyezera chokhala ndi mizere. Botolo loyamwitsira mwana limagwira bwino ntchito imeneyi chifukwa mizere yake imaoneka ngakhale pa nyali. Ndipo pathanki mulembe ndi penti, zilembo zikuluzikulu: MALITA 20 = 400 ML. Amene amasakaniza mafuta m'bandakucha kawirikawiri si mwini boti, ndi mnyamata wamng'ono mwa alovi, wotopa, amene sanamve zimene munakambirana pa WhatsApp.

A Makaniko, ndine wachikulire, ndinabwera kuno mu 1987. Abwana anga akale atamwalira, mayi a kunyumba kwawo anandipatsa Evinrude yaing'ono imene yakhala m'galaja zaka zambiri. Mapepala ake akuonetsa 1961 ndipo pachivundikiro analembapo 24:1. Mwana wanga akuti oyilo wa masiku ano ndi wamphamvu, ndizingothira 50:1 kuti isamafuke utsi. Ndimvere ndani?
Bambo wa ku Turffontein

Bambo, mverani chivundikiro. Mwana wanuyo walondola pakuti oyilo wa lero ndi wabwino kuposa wa 1961, koma zitsulo za m'kati mwa injini yanu zikadali za 1961. Johnson ndi Evinrude, zimene zinkapangidwa ndi kampani imodzi ya OMC, zinasamukira ku 50:1 mu 1964. Zambiri zing'onozing'ono za m'mbuyo mwa chaka chimenecho kulanki yake imazungulira pa mabushi amkuwa, osati pa mabering'i a timasingano ngati za masiku ano. Bushi imafuna kusambira mu oyilo. Ubwino wa oyilo sungalowe m'malo mwa kuchuluka kwake pamenepo. Ngakhale kampani yomweyo inayesapo kuuza anthu 100:1 m'zaka za m'ma 1980, ndipo sipanatenge nthawi inabwerera ku 50:1.

Ndiye thirani TC-W3, pafupifupi 42 ml pa lita, kapena 210 ml pa malita 5. Ifuka utsi, inde. Musadandaule, injini za maboti za British Seagull zakale zinkamwa 10:1, mpaka za kuyambira 1978 m'pamene zinatsikira ku 25:1. Mukapeza buku lake mwina muwerenga kuti thirani oyilo wa galimoto wa SAE 30, ndipo ndikhulupirira kuti m'mabuku oterowo m'mene munachokera chikhulupiriro cha kumudzi chija. Koma SAE 30 amene ankanenayo anali wopanda mankhwala otsukira, wosiyana ndi amene ali m'masitolo lero.

Musafulumire kukoka chingwe. Masulani mapulagi, thirani supuni yaing'ono ya oyilo m'silinda iliyonse, igone usiku, m'mawa muzungulize fulaiwilo ndi manja pang'onopang'ono. Impela isinthidwe musanailize ngakhale kamodzi, chifukwa labala ya zaka zonsezi imangoyoyoka n'kutseka njira za madzi. Ndipo izilirira mu mgolo wa madzi, osati pouma. OMC inagwa mu 2000, ndipo amene anatenga dzina la Evinrude anasiya kupanga injinizi mu 2020, choncho chitsulo chilichonse chimene chingathyoke n'choitanitsa kunja. Mukandifunsa ine, imeneyi si yotumiza kukakoka ukonde. Isungeni, muzitengera adzukulu padamu madzi ali bata.

Akulu, ine ndimasamala pakhomo ndi kuyendetsa galimoto kwa abwana ena ku Randburg. Ali ndi boti lakale la m'ma 1980 ku Deneysville, m'mphepete mwa damu la Vaal, injini yake ndi ya mkati, MerCruiser V8 ya 5.7. Andipatsa zigubu ziwiri za 5W-30 zotsala ku galimoto yawo yatsopano kuti ndikasinthe oyilo. Akuti ndi wodula kwambiri ndiye ndi wabwino. Mtima wanga ukukayika koma ndikuopa kuwatsutsa.
Mng'ono wanu wa ku Cosmo City

Achimwene, mtima wanuwo ukukuuzani zoona. Oyilo ameneyo ndi wabwino ku galimoto imene anamugulira. Ku boti limenelo, ayi.

Kuiyang'ana, V8 imeneyo ndi injini ya galimoto, ndipo n'zoona, inachokera ku General Motors. Koma moyo wake ndi wina. Galimoto ikafika pa mseu waukulu wa N1 imalowa giya yomaliza n'kumapuma, pamtsetse imatsetsereka yokha. Pamadzi palibe mtsetse. Boti likukoka munthu wotsetsereka pamadzi pa ski lili ngati lole yodzaza chimanga ikukwera mseu wa Khwekhwerere umene sukutha, injini ikuzungulira maulendo 3,500 kapena 4,000 pa mphindi. Oyilo amatentha n'kupyapyala, petulo wina amadutsa m'maring'i n'kumusungunula, ndipo mipata ya m'mabering'i a injini ya zaka pafupifupi 40 yakula kale. 5W-30 m'malo otero amakhala ngati madzi, ndipo mudzaona muvi wa presha ukugwa injini ikatentha.

Chachiwiri chili pa kamshafti. Injini za nthawi imeneyo matapeti ake ndi afulati, amakhuzana ndi kamshafti chitsulo pa chitsulo, opanda kagudumu pakati. Chimene chimateteza pamenepo ndi mankhwala a zinc ndi phosphorus a mu oyilo. Kuyambira 2004, pamene unabwera muyezo wa API SM, phosphorus anachepetsedwa mu oyilo wopyapyala ngati 5W-30 ndi 10W-30, osaposa 0.08 pa 100, pofuna kuteteza chosefera utsi cha magalimoto atsopano. Boti la abwana anu chosefera chimenecho lilibe, koma kamshafti yofuna zinc lili nayo. Ndaonapo kamshafti yotero itadyeka nsonga mpaka valavu imodzi yosatsegukanso, mwini wake akungodabwa kuti boti likukanika kudzuka pamadzi.

Wofunika ndi 25W-40 wa maboti, amene a Mercury, eni ake a MerCruiser, amalangiza pa injini zimenezi, wokhala ndi chizindikiro cha FC-W. Chizindikiro chimenechi ndi cha NMMA yomwe ija, koma cha injini za four-stroke, ndipo oyilo wake ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, chinthu chofunika kwa injini imene imakhala miyezi pachinyezi osalira. Akasowa, 20W-50 wabwino kapena 15W-40 uja wa malole, wolembedwa kuti ndi wa dizilo ndi petulo yemwe, akhoza kugwira. Timabotolo togulitsidwa padera toti timalimbitsa oyilo kapena kuletsa utsi, tisiyeni pashelefu. Imalowa malita pafupifupi 5 pamodzi ndi fyuluta, ndipo fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Lizani injini itenthe kaye ikulandira madzi, kenako mupope oyilo wakaleyo kudzera pa payipi ya dipisitiki, chifukwa pansi pa injini m'boti dzanja silifika. Wakaleyo muike m'chigubu mubwere naye kugalaja. Madzi a Vaal ndi amene timamwa ambirife ku Gauteng kuno.

Sinthani pa maola 100 aliwonse kapena kamodzi pachaka, ndipo nthawi yabwino ndi mu Epulo kapena Meyi pamene boti likukapuma, osati mu Seputembala pamene likudzuka. Oyilo wogwira ntchito amakhala ndi asidi, si woti agone pa mabering'i nyengo yonse yozizira. Nthawi yomweyo mukhetse madzi onse m'buloko ndi m'mamanifodi. Ku Deneysville mu Juni ndi Julayi madzi amaundana usiku, ndipo chaka chilichonse kumabwera buloko yong'aluka kugalaja kwathu. Mukasolola dipisitiki n'kupeza oyilo wotuwa ngati phala, madzi alowa, ndipo musangosintha oyilo n'kukhala chete. Auzeni abwana tsiku lomwelo.

Za kuopa kuwatsutsazo ndikuzimvetsa, tonse tili kwa eni ndipo ntchito ndi yosowa. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Injini ikadzanoka, palibe adzakumbukire kuti zigubu anakupatsani ndi iwo, adzangokumbukira amene anathira. Simukuyenera kukangana nawo. Apempheni kuti muonere limodzi buku la injiniyo, kapena aimbire okha kusitolo ya maboti afunse. Mabwana ambiri amene ndawadziwa amalemekeza wantchito amene wawapulumutsira ndalama ya ovaholo.

Achimwene, ndagula Mariner 40 yakale. Nditamasula kasikuluwu ka pansi pafupi ndi pulopela, mwatuluka oyilo woyera ngati chambiko. Mnzanga akuti ndingothiramo wa injini ya galimoto. Nditani?
Wowerenga wa ku Mayfair, kwawo ku Chintheche

Achimwene, mwachita bwino kumasula musanalowe nayo m'madzi. Ambiri amakumbukira oyilo wa m'thanki n'kuiwala kuti kumwendo kwa injini kuli giyabokosi yokhala ndi oyilo wakewake. Kuyera kumeneko ndi madzi. Chotsani pulopela muyang'ane kumbuyo kwake. Kawirikawiri mumapeza ulusi wa mbedza kapena wa ukonde utazengerezeka pa shafti, utasungunuka ngati mphete yapulasitiki, ndipo ndi umene umadula labala yotsekera madzi. Kunyanja kwathu, kumene injini imagona pakati pa maukonde, pulopela iyenera kuchotsedwa mwezi ndi mwezi pongofuna kuona zimenezi.

Wa injini ya galimoto asalowemo. Mano a magiya amenewo amatsinana mwamphamvu ndipo amafuna oyilo wa magiya, SAE 90 kapena 80W-90, makamaka wa maboti chifukwa amapirira ngakhale timadzi talowa. Okhawo amene ali ndi Johnson kapena Evinrude zosintha giya ndi magetsi, za pakati pa 1962 ndi 1972, ndiwo afunika wapadera wotchedwa Type C.

Koma oyilo watsopano sachiza labala yong'ambika, pakangotha sabata adzayeranso. Makaniko apope mpweya m'giyabokosimo aone pamene pakutuluka thovu, asinthe labalayo. Muonenso zimene zatuluka ndi oyilo wakaleyo: tifumbi tachitsulo tosalala pakati pa zala si toopsa, koma tizidutswa tolasa ndiye kuti dzino lathyoka.

Pothira, injini iimirire chilili, masikuluwu onse awiri atamasulidwa. Oyilo amalowera bowo la pansi, mukufinya botolo pang'onopang'ono mpaka atatulukira bowo la pamwamba wopanda thovu. Mukathirira pamwamba, mpweya umatsekeredwa mkati ndipo bering'i ya pamwamba imatsala youma. Tsekani la pamwamba kaye botolo likadali pabowo la pansi, kenako muchotse botolo n'kutseka la pansi msanga. Sikuluwu iliyonse ili ndi kawashala kake, ndipo nthawi zina kakale kamatsalira m'bowo mosaoneka. Kakoloweni ndi waya, muike katsopano. Mugule tingapo, tina mutumize ndi injiniyo ku Chintheche m'kabotolo ka mankhwala komangirira ku chigwiriro.